Dzanja la Mayi Mpweya

Lolemba, 3 Malichi

Maphunziro ayamba lero. Masiku atatu, m'chipinda chomwera tiyi, poti kwina kulibe malo. Makapu tawasunthira pawindo, patebulo tagonekapo chidole. Chathu chakale chija timachitcha Sadandaula, chifukwa ungachipinde khosi, ungachigwetse pansi, icho duu. Mphunzitsi wabwera ndi mng'ono wake wa Sadandaula, kachidole kofanana ndi mwana wobadwa pa miyezi isanu ndi iwiri, ndi mabokosi awiri a makina atsopano.

Ine zaka 24 ndili m'leba wodi muno. Mwana akatuluka ali lobodo, osalira, dzina lomveka pakhonde ndi langa: "Itanani Mayi Mpweya!" Ndiye lero ndikhale pabenchi kuphunzira kupumitsa khanda? Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, nditapinda manja.

Makinawo: paipi yochokera m'bokosi, kumapeto kwake kapulasitiki kooneka ngati T, masiki kunsi, kabowo pamwamba. Ukatseka kabowo ndi chala mpweya ukulowa mwa mwana, ukachotsa chala ukutuluka. Mphamvu yake umatcheratu pa geji, 20 kapena 25 kwa ana osakwana masiku, ndipo siipyola pamenepo ngakhale utapanikizika bwanji. Akuti kamasiyanso kampweya pang'ono m'mapapo kuti asaphweretu. Bagi yathu yopopera ilibe zimenezo. Ukafinya walowa, ukasiya watuluka wonse, ndipo muyeso wake ndi dzanja lako.

Ndinakweza mkono. "Nanga silinda ya mpweya ikatha?" Mphunzitsi: "Mubwerera ku bagi, mayi, sitikuitaya." Ndinayang'ana Sisita wamkulu kuti mwamvatu.

Kabuku walemba masamba anayi. Mzamba ameneyu anabwera chaka chatha, msinkhu wa mwana wanga, kabuku m'thumba tsiku lililonse. Ukamufunsa kanthu amayamba watsegula kaye. Dzinalo ndinamupatsa ndine, ndipo linamukhala.

Mwana wanga Chisamba waimba foni ndikuphika. Akuti msana. Lachinayi akwanitsa masabata 30. Mimba yachitatu iyi, ziwiri zija zinapita padera, ndiye tonse timayenda monyang'ama pa nkhani yake. Ndamuuza asiye kaye makina osokera, makasitomala adikire, agone chammbali.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndachita manyazi lero. Ndilembe momwe zinalili.

Mphunzitsi anamangirira geji ku bagi. "Aliyense afinye mmene amafinyira masiku onse." Anzanga anapita mmodzimmodzi: 25, 30, wina 22. Kenako anayamba kundikankha. "Tiyeni, eni ake a ntchito atisonyeze." Ndinavula wotchi, ndinakonza khosi la kachidole, masiki pankhope. Mpweya sunathawire m'mbali ngakhale pang'ono, zimenezo ndiye sindiphunzitsidwa ndi munthu. Puma, ziwiri, zitatu. Puma, ziwiri, zitatu. Chifuwa chikukwera bwinobwino. Chipinda chonse zii. Ine mumtima ndimvekere, akusirira.

Mphunzitsi: "Mayi, tayang'anani singano."

45. 50. 48.

"Chala chanu cholozera chili pati?"

Chinali pa kavalavu. Bagi ili ndi kavalavu pamwamba kamene kamatulutsa mpweya ukachuluka, kamalira fyii. Malemu Sisita amene anandiphunzitsa ntchito ankati kameneko n'kakuba, kamaba mpweya wa mwana, uzikatseka. Kakalira ankatimenya padzanja ndi cholembera. Zaka 24 chala changa chimapita chokha pamenepo, sindichituma.

Mphunzitsi analankhula mwaulemu, n'chimene chinandipweteka kwambiri. "Mwana wokwana masiku mwina apirira. Koma uyu mapapo ake ali ngati pepala lonyowa. Angathe kubooka, ndipo nthawi zina sizioneka pompo. Zimadzaoneka mawa lake."

Ndinati, "Chidole si mwana." Palibe anaseka. Kabuku anayang'ana pansi, ndipo ulendo uno sanalembe kanthu.

Kunyumba bambo a Chisamba anafunsa kuti sukulu yayenda bwanji. Ndinati akuti tsobola wakale sawawa. Iwo: "Wako ndiye ndimamudziwa ine, amawawa mopyola." Anaseka okha. Sakudziwa kuti anena zomwe yanena geji.

Lachitatu, 5 Malichi

Tsiku la ka T. Ndimaganiza kuti apa sindingalakwe, poti mphamvu yatcheredwa kale. Ndalakwanso. Chala changa chikatseka kabowo sichifuna kuchoka. Chimadikira kumva mapapo akukankha, monga dzanja limamvera pa bagi, koma pa kabowo sumva kanthu. Mphunzitsi: "Chotsani, mayi. Chotsani, mwanayo atulutse." Katatu konse, anthu akuona.

Kabuku chala chake ndiye wotchi. Tseka, tsegula, tseka, tsegula, sichifulumira, sichichedwa. Ndinanong'oneza mnzanga wa pambali kuti n'chala cha mafoni, chinazolowera kudinadina. Koma masiki amamuvuta. Manja ake ndi aang'ono, ndipo amaopa nkhope ya mwana. Mpweya umathawira patsaya, singano imangofika pa 10 n'kugwa.

Mphunzitsi anati pali njira ya anthu awiri: wina agwire chibwano ndi masiki ndi manja onse awiri, wina chala pa kabowo. "Inu awiri mutayesa limodzi, mwina..." Ndinati ine sindinakalambe mpaka kukhala wogwirira ena chibwano. Ndinanena mokweza. Sisita wamkulu anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndi bwino akamakalipa.

Onse asainiridwa kuti akhoza, kupatula ine ndi Kabuku. Tibwereze Lachitatu likudzali. Bokosi limodzi lapita m'chipinda chochilira, lina latsala ndi zidole m'chipinda cha tiyi.

Lachinayi, 6 Malichi

Nsupa ya Chisamba yasweka. 10 koloko m'mawa, ali m'sitolo yogulitsa ulusi, kumene ndinamuuza kuti asapite. Mkamwini anabwera naye pa galimoto ya mnzake, nkhope itatuwa, akufunsa aliyense wovala zoyera ngati ali dokotala. Anafunsa ndi wokankha mabedi yemwe. Masabata 30 ndendende.

Kupweteka sikunayambe. Khomo la chiberekero lili chitsekere. Mtima wa mwana 140, wabwino. Amubaya jakisoni woyamba wokhwimitsa mapapo a mwana, ayambanso mankhwala opha tizilombo. Dokotala wa ana, Wamtali uja, wati tsiku lililonse limene mwana angakhale m'kati ndi phindu. Masiku awiri akhale ochepetsetsa.

Bedi 6, pafupi ndi windo. Ndinamubweretsera pilo wa kunyumba, wa kuno ndi wolimba ngati njerwa. Nditawerama kumukonzera anandigwira dzanja, lamanja lomwelo.

"Amayi, akabadwa asamugwire wina. Inu nokha. Awiri aja simunalipo."

Awiri aja anali a miyezi inayi, ngakhale ndikanakhalapo panalibe chopumitsa. Iye akudziwa. Koma mumtima mwake anaika kalekale kuti amayi akakhalapo mwana safa. Wakula akumva anthu akundiimitsa m'njira, "Mayi Mpweya, uyu ndi uja munamudzutsa, tamuonani watalika." Ankaima pambali panga atanyamula dengu, akumwetulira ngati wadzutsa ndi iye.

"Lonjezani, amayi."

Ndinalonjeza. Nanga ndikanati chiyani? Kuti Lachiwiri ndinaphulitsa chidole?

Lachisanu, 7 Malichi

Jakisoni wachiwiri wabayidwa. Thupi silikutentha. Mwana akusewera.

Cha m'ma 9 anandikuwira m'chipinda chochilira. Mwana wa mayi wina, wokwana masiku, makilo atatu ndi theka, wafooka. Ndinathamanga, ndinatola bagi, ndipo ndinaima. Sindinaimepo chiyambire. Mwayi, atamusisita msana analira yekha. Palibe anaona, kapena anaona koma asunga.

Masana ndinamudikira Wamtali pakhomo la nazale, kosungira makanda odwala. Pali mwana amene wakhala akundiyendera m'mutu chiyambire Lachiwiri. Zaka ziwiri zapitazo, kamnyamata ka masabata 31, mayi ake ovala duku lobiriwira. Kanatuluka kali lobodo, ndinakapopa mphindi zisanu ndi imodzi, kanalira. Wodi yonse inaomba m'manja. Agogo ake anandipatsa nsalu tsiku lomwelo. Mawa lake ndinali pa ofu. Nditabwerera ndinamva kuti kanapita, ndipo ndinangoti ana osakwana masiku ndi choncho. Sindinafunse kuti chinachitika n'chiyani.

Lero ndafunsa. Wamtali akukumbuka. "Papo lakumanja linabooka, mpweya unadzaza m'chifuwa."

"Ndi ine?"

Anakanda m'mutu. "Mayi, zimachitika ngakhale popanda bagi. Sindingakuuzeni kuti ndinu. Sindingakuuzeninso kuti si inu. Chimene ndikudziwa n'choti mukanapanda kumupopa sakanafika n'kunazale komwe."

Munthu wabwino, koma katunduyo wandisiyira. Nsalu ija ndi imene ndimavundikira wailesi pabalaza. Ndaichotsa, ndaipinda, ndaiika pansi pa zovala m'sutikesi. Bambo a Chisamba aona, sanafunse.

Ndikuopa. Ndilembe poyera, poti muno mulibe wondiseka: ndikuopa dzanja langa.

Loweruka, 8 Malichi

Masabata 30 ndi masiku awiri. Akadali m'kati. Mkamwini wagula chipewa cha mwana choti chingakwane ine. Ndamuseketsa Chisamba ndi nkhani ya Kabuku ndi chala chake cha mafoni. Zanga sindinanene.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndili pa ofu. Ndinapita kukaona Chisamba masana, kenako ndinazembera m'chipinda cha tiyi, ndimati ndikhala ndekha. Ndinapeza Kabuku ali kale pa kachidole, wavala zakunyumba, nayenso ali pa ofu. Tinayang'anana ngati akhristu awiri okumana kwa sing'anga.

Ndinakhala pansi n'kumamuonerera. Amaika masiki kuyambira pamphuno n'kukanikizira pansi, chibwano chikugwera pachifuwa, njira ya mpweya n'kupindika. Ndinapirira kawiri, kachitatu sindinathe. "Iwe, sutsitsa masiki kupita kunkhope. Umakweza nkhope kubwera ku masiki. Yambira pachibwano. Kansalu kopinda pansi pa mapewa, mutu ukhale ngati akununkhiza kanthu." Anayesa. 15, 18, 20. Kenako 10. Dzanja limodzi silikumukwanira.

Anati, "Mayi, nanunso ndikuuzeni?" Ndinati nena, ndakhala kale pansi. "Mumawerenga bwino, koma chala chanu sichimvera pakamwa panu. Pa 'puma' pokha ndi pamene mutseke. 'Ziwiri, zitatu' ndi za mwana." Ndinayesa. Kakhumi ndinakhoza, kenako chala chinakakamira. Pa bagi chimodzimodzi, ndikangoika mtima pa chifuwa cha kachidole, chala chili kale pa kavalavu. Ndinachikulunga pulasitala kuti ndizichiona. Kabuku anafuna kuseka, anameza.

Pomaliza, osapangana, ndinaima kumutu kwa kachidole, zala kuseri kwa nsagwada uku ndi uku, zala zazikulu pa masiki. Iye chala pa kabowo. 25. 25. 25. Singano ikatsika imaima pa 5, n'kukweranso. Mphindi ziwiri zathunthu osaphonya.

Kabuku: "Mwaona?" Ine: "Chidole si mwana." Ulendo uno anaseka ndithu. Tinamwa tiyi wozizira, iye anatsuka makapu.

Ndinadutsanso pa bedi 6 potuluka. Chisamba wafunsa ngati mawa ndili pa ntchito. Ndati ndilipo. Anaona pulasitala, ndinati ndadzicheka ndi mpeni.

Lolemba, 10 Malichi

Wabadwa. Mtsikana, kilo imodzi ndi magalamu 300, 11:20 m'mawa. Ali moyo. Ndilembe zonse lero lomwe ndisanayambe kuzikometsa.

Kupweteka kunayamba cha m'ma 7. Pofika 11 khomo linali litatseguka lonse, ana aang'ono sadikira munthu. Sisita wamkulu anandikokera pambali. "Lero ndinu agogo, si inu mzamba. Chisamba ndimuchiritsa ndine, mwana alandira Kabuku, Wamtali akubwera." Ndinati ndinalonjeza. Iwo: "Munalonjeza inu, osati wodi yanga. Valani magulovu muime apo, koma musagwire kanthu ndisananene." Wamtali anali ku thiyeta ndi mwana wina, anafika zonse zitatha.

Tinatseka mawindo, chotenthetsera chinayatsidwa. Kabuku anayesa makina kawiri: 25 ndi 5. Masiki aang'ono kwambiri. Bagi anaiika pambali pa tebulo, monga mwa lamulo, kuchitira silinda itatha. Tebulolo lili mapazi atatu kuchokera pabedi.

Anatuluka msanga, wa bii, mikono lende. Sisita anamusisita msana, palibe. Anadula mchombo. Kabuku anamulowetsa m'pulasitiki mpaka m'khosi kuti asazizidwe, kachipewa ka wodi kumutu, n'kumugoneka patebulo. Sakupuma. Sisita anabwera ndi chomvetsera pachifuwa: "Mtima 70."

Kabuku anaika masiki. Tseka, tsegula. Singano 10. 12. 10. Chifuwa sichikuyenda. Ndimaumva mpweya ukuthawira patsaya, fyuu, fyuu. Anakonza, 12.

Chisamba anadzutsa mutu. "Bwanji sakulira? Amayi! Amayi, mutengeni!"

Sindikukumbuka kuti ndinaitola liti. Ndinangoona bagi ili m'dzanja langa, ndipo Sisita sanandiletse. Kabuku anayamba kusuntha kuti andipatse malo. Ndikanafinya kawiri chifuwa chija chikanakwera, zimenezo ndikuzidziwa ngati njira ya kwathu. Ndinayang'ana dzanja. Pulasitala akuonekera mkati mwa gulovu, ndipo chala chili kale pa kavalavu, chakatseka. Patebulo nthiti za mwana ndimatha kuziwerenga kupyola pulasitiki.

"Amayi, munalonjeza!"

Ndinaiika pansi. "Kabuku, usachoke. Siya masiki. Iwe chala basi." Kansalu pansi pa mapewa, zala kuseri kwa nsagwada, kukweza nkhope kubwera ku masiki. Nsagwada yake ndi yaing'ono kuposa ya kachidole.

25. Chifuwa chinakwera, pang'ono, mbali zonse ziwiri.

Ndinayamba kuwerenga, koma ndimathamanga. Kabuku anawerenga mokweza kundiposa mpaka ndinamutsatira. Puma, ziwiri, zitatu. Kenako anati, osandiyang'ana, "Fewetsani, mayi, mukumukanikiza." Ndinafewetsa. Singano sinagwe.

Chifuwacho chimakwera pang'ono chabe. Thupi langa lonse limati sizikukwana, onjezera, mwana sadzuka ndi kampweya kotere. Koma manja onse awiri anali pa ntchito, ndiye panalibe chimene ndikanachita. Mwina n'chifukwa chake njirayi ili ya anthu awiri.

Sisita: "90." Patapita kanthawi: "110." Kenako: "130, pitirizani." Milomo inayamba kusintha mtundu. Pa mphindi yachitatu anakoka yekha, kamodzi, ngati wodzidzimuka. Kenako kawiri. Kabuku anachotsa chala, masiki tinawasiya pomwepo, singano ili pa 5, mwana akukoka yekha pansi pa manja anga. Kulira kunabwera mochedwa, kaliwu ka mwana wa mphaka. Chisamba anakumva. Zimene ananena sindinazimve bwino, amalira ndi kuseka pamodzi.

Wamtali anafika akupuma wefuwefu, anamvetsera mbali zonse ziwiri, anati mpweya ukulowa mofanana. Tinamukankhira kunazale. Tsopano ali pa sipapu, makina omuthandiza kupuma, timapaipi m'mphuno, botolo la madzi likubwata pambali.

Ndinatuluka pakhonde. Ndinakhala pabenchi la odikira pakati pa magadiyani awiri, mmodzi anandisunthira thumba lake. Kabuku anapita kukasanza, anasamba kumaso, kenako anabwera kudzalemba lipoti.

Lachiwiri, 11 Malichi

Mwana wagona bwino, akutero a kunazale. Wamtali wamvetseranso, mapapo onse awiri ali bwino. Ndinamufunsa m'mawa, ndinamufunsanso masana. Kachitatu anangondiona patali n'kukweza chala chachikulu. Mawa lake lija ndimaliopa ndi lero, ndipo likutha.

Chisamba anataya magazi ochulukirapo, ali pa diripu, sanaloledwe kudzuka. Mwana sanamuone bwinobwino. Wafinya timadontho ta mkaka, ndinakapereka ndekha m'kapu.

Nkhani yafala kale kuti Mayi Mpweya wadzutsa mdzukulu wake. Wokolopa anandiimitsa, a kufamase anandiimitsa. Chisamba ali pabedi paja ankangoona msana wanga nditawerama patebulo, ndiye wauza wodi yonse. Mkamwini anandigwadira pakhonde anthu akuona. "Amayi, manja anuwa Mulungu awasunge." Ndinati dzukani bambo, mudetsa thalauzi. Zina sindinanene. Kabuku anali pa desiki pomwepo, anamva zonse, anapitiriza kulemba.

Zinandikoma, ndisaname. Dzina limeneli ndalivala zaka 24, limandikwana. Koma tiyi wa 10 koloko ndinamusiya pawindo osamumwa.

Sisita wamkulu podutsa: "Mawa mayeso aja, inu ndi mnzanu. Mulipo?" Ndati ndilipo.

Lachitatu, 12 Malichi

Mphunzitsi watisainira tonse awiri. Pa bagi kavalavu kanalira fyii kawiri, ndinakasiya kalire. Dzanja linayabwa pamene pankagwera cholembera paja.

Masana amuchotsa diripu Chisamba. Ndinamukankha pa njinga ya odwala kupita kunazale. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, kawiri, ngakhale ndinamuuza kuti kamodzi kakwana. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anawerenga zala, anawerenga zakumapazi. Anafunsa za timapaipi, za botolo, ndinamufotokozera kuti akupuma yekha, makinawo akungomugwirira mapapo kuti asaphwe.

Kenako anaona. Tizipsera tiwiri tofiira kuseri kwa nsagwada, uku ndi uku. Khungu la ana otere silibisa kanthu.

"Ichi n'chiyani? Wamupweteka ndani?"

"Ndine. Ndi zala zanga. Zitha pofika Loweruka."

"Pomupumitsa paja?"

Ndikanangoti ee, nkhani ikanathera pomwepo.

"Sindinamupumitse ine, mwanawe. Ndinangomugwira chibwano. Mpweya anamupatsa ndi Kabuku."

Botolo likubwata. Namwino wa kunazale anapeza chochita kumapeto kwa chipinda.

"Koma munalonjeza."

"Ndinalonjeza. Bagi ndinaitola, ndinaibweza. Dzanja langa ndi lolemera, ndazidziwa sabata yatha. Ndikanamudzutsa msanga, koma sindikudziwa ngati lero tikanamupeza pano."

Anayang'ana dzanja langa pa chogwirira cha njinga. Pulasitala akadalipo, wada.

"Si mpeni?"

"Si mpeni."

Ndimadikira kuti akwiye, ndinali nditakonzeka. Anapukuta m'maso ndi phewa, poti m'manja anali atasamba kale.

"Kabuku wake uti? Wa chala cha mafoni uja?"

"Yemweyo."

Analowetsa dzanja pang'onopang'ono, n'kuika nsonga ya chala pa kachipsera kamodzi. Kanabisika konse. Mwana anatambasula mwendo m'tulo. Chisamba anati, osandiyang'ana, "Kamuitaneni, amayi."

Ndinatuluka. Wokolopa anali pakhonde ndi ndowa yake, anayamba kale kumwetulira. "Mayi Mpweya, mdzukulu uja..."

Ndinati, "Mwamuona Kabuku? Mayi wa mwana akumufuna."